Kanema Wafalikira, Koma Wamufalitsa Ndani? Achinyamata, Masamba a Mchezo ndi Funso la Udindo

Mwana akachititsidwa manyazi pa intaneti, chiganizo chomwe chimamveka msanga pakati pa olankhula Chichewa ndi chakuti "kanema wafalikira," kapena "chithunzi chatuluka." Pa malamulo a chiyankhulo chiganizochi chilibe banga. Komabe chili ndi khalidwe limodzi lofunika kuliunika: chimanena zomwe zachitika popanda kutchula wochita. Kanemayo amaoneka ngati wadzuka yekha n'kuyamba ulendo, monga umachitira moto wolusa m'chilimwe. M'nkhani ino ndikufuna kuonetsa kuti mkangano wa yemwe ali ndi udindo pamene achinyamata agwiritsa ntchito masamba a mchezo molakwika umayamba kusokonekera pa mneni ameneyu. Tikabwezera wochita aliyense m'chiganizo chake, tipeza kuti mwana ali ndi mlandu pa chomwe wachita ndi manja ake, koma kutalika kwa ulendo womwe chochita chakecho chimayenda ndi mlandu wa anthu ena, ndipo ambiri mwa iwo ndi akuluakulu.

Mneni wobisa wochita

Chichewa chili ndi njira ziwiri zonenera kuti chinthu chaonongeka popanda kuyamba ndi dzina la wochiononga. Tikhoza kunena kuti "mbale yaswedwa," kapena "mbale yasweka." Ana asukulu amaphunzira kuti woyambawo ndi msintho wochitidwa, pomwe wachiwiriwo ndi msintho wochitidwa m'chibisira. Sam Mchombo, m'buku lake la The Syntax of Chichewa la m'chaka cha 2004, anafotokoza bwino kusiyana kwa misintho iwiriyi. Pa msintho wochitidwa, wochita amakhala atangobisala kuseri kwa chiganizo, ndipo tikhoza kumutulutsa: mbale yaswedwa ndi mwana, mbale yaswedwa dala. Pa msintho winawo wochita amachotsedweratu. Khutu la mwini chiyankhulo limakana kumva kuti "mbale yasweka dala," chifukwa mawu akuti "dala" amafuna munthu wokhala ndi cholinga, ndipo m'chiganizomo mulibe malo ake.

Mwana amadziwa ntchito ya msinthowu asanalowe n'komwe m'kalasi. Akagwetsa mbale potsuka amathamangira kunena kuti, "Amayi, mbale yasweka." Mayi wodziwa kulera amafunsa kuti, "Yasweka yokha?" Funso limeneli ndi phunziro loyamba la udindo lomwe ambiri a ife tinalandira, ndipo ndi lomwe tasiya kufunsa pa nkhani za pa intaneti. Timati nkhani yafala, mbiri ya uje yaipa, zinthu zaonongeka. Mneni wakuti "falitsa," amene amafuna mwininkhani wokhala ndi dzina, timamusungira manyuzipepala ndi nyumba zoulutsira mawu. Sindikunena kuti chiyankhulo chathu ndicho chimatikhotetsa maganizo, pakuti Chingerezi nachonso chimayerekeza kufala kwa kanema ndi kufala kwa kachilombo ka matenda. Chomwe ndikunena n'chakuti posankha msintho, wolankhula amasankhanso ngati akufuna kuti pakhale mlandu kapena ayi.

Kufunsa funsoli tili ku Nellmapius

Funso la udindo silikomera kulifunsa m'malere, choncho tiliike pa malo enieni. Nellmapius ndi dera la kum'mawa kwa Pretoria, moyandikana ndi Mamelodi, lomwe linakula kuyambira m'zaka za m'ma 1990 ndi nyumba zambiri zomangidwa ndi boma pa ndondomeko ya RDP. Makolo ambiri a kuno amalawirira kukagwira ntchito m'mafakitale a ku Waltloo ndi Silverton, kapena m'nyumba ndi m'minda ya maluwa ya anthu olemera a kum'mawa kwa mzindawu, ndipo amabwerera dzuwa litalowa. Monga m'madera ena a chigawo cha Gauteng, pakati pawo pali mabanja ochokera m'maiko oyandikana, kuphatikizapo Malawi. Ana a m'mabanja otere amamva Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka m'nyumba, koma pabwalo ndi pa foni amalankhula Sepedi, isiZulu, Chingerezi ndi Sepitori, chiyankhulo chosakanikirana cha m'misewu ya Pretoria.

Ana a m'dera lotere sanachedwe kufika pa masamba a mchezo. Mxit, yomwe inayambira ku Stellenbosch m'chaka cha 2005 ndipo inatsekedwa mu 2016, inkalola mwana wokhala ndi foni yotchipa kucheza ndi anzake usiku wonse pa mtengo wochepa kwambiri. Mu 2013 khonsolo ya Tshwane, mogwirizana ndi Project Isizwe, inayamba kupereka Wi-Fi yaulere m'malo ena opezekako anthu ambiri. Sukulu zitatsekedwa mu 2020 chifukwa cha Covid-19, aphunzitsi ambiri ankatumiza ntchito pa WhatsApp. Motero foni inafika m'manja mwa mwana kudzera pa zifukwa zabwino: maphunziro, chitetezo ndi kulumikizana ndi kholo lomwe lili kutali. Amene amati yankho ndi kungolanda ana mafoni amaiwala mbiri imeneyi.

Mlandu wa mphindi zisanu

Mzinda womwewu wa Pretoria ndiwo unabala mlandu wofunika kwambiri pa nkhaniyi m'dziko la South Africa, wotchedwa Le Roux v Dey. M'chaka cha 2006 mnyamata wa zaka 15 wa pa sukulu ya Hoërskool Waterkloof anapeza pa intaneti chithunzi cha amuna awiri amaliseche, n'kumatapo nkhope za mphunzitsi wamkulu ndi wachiwiri wake, Dr Dey, naphimba maliseche awo ndi chizindikiro cha sukulu. Ntchitoyo inamutengera mphindi zowerengeka chabe. Anatumiza chithunzicho ku foni ya mnzake, ndipo kuchoka apo chinadutsa m'manja ambiri mpaka wina anachisindikiza papepala, winanso n'kuchipachika pa bolodi la zidziwitso la pasukulupo. Anyamata atatu analangidwa ndi sukulu, nagwiranso ntchito yothandiza anthu kumalo osungirako nyama a ku Pretoria m'malo mozengedwa mlandu wa upandu. Mphunzitsi wamkulu analandira kupepesa kwawo, koma Dr Dey anakasuma.

Bwalo lalikulu linagamula kuti alipidwe R45,000. Mlanduwo unakwera mpaka ku bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko, lomwe mu March 2011 linatsitsa chipukuta misozicho kufika pa R25,000, n'kulamulanso kuti anyamatawo apepese mosaika zifukwa. Chochititsa chidwi n'chakuti oweruza a bwalo lapamwambali anagawanika. Ambiri, motsogozedwa ndi woweruza Brand, anati chithunzicho chinaipitsa mbiri ya Dr Dey. Oweruza Froneman ndi Cameron anati mbiri sinaipe, popeza munthu wanzeru akanaona kuti ndi chibwana, koma ulemu wa umunthu wake unapwetekedwa. Oweruza Yacoob ndi Skweyiya anati anawo sanayenere kulipitsidwa n'komwe, ndipo Skweyiya anatsindika ndime 28 ya malamulo oyendetsera dziko, yomwe imaika patsogolo ubwino wa mwana pa nkhani iliyonse yomukhudza.

Ngati oweruza a msinkhu umenewu analephera kumvana, n'chifukwa chakuti funsolo ndi lovutadi. Komabe pali mfundo imodzi yomwe chigamulocho chinakhazikitsa: wopanga chithunzi, wochisindikiza ndi wochipachika onse anayankha mlandu. Bwalo linakana msintho wochitidwa m'chibisira. Tisaiwalenso kuti wolakwiridwa pa mlanduwu anali munthu wamkulu, wophunzira, wokhoza kulemba maloya kwa zaka zisanu. Mtsikana wa ku Nellmapius amene chithunzi chake chazunguliridwa m'kalasi alibe njira imeneyo, ngakhale lamulo lili lomwelo.

Wotumiza chabe kulibe

Mawu odzitetezera omwe amamveka kwambiri pakati pa achinyamata, ndi akuluakulu omwe, ndi akuti, "Ine ndangotumiza, sindine ndinajambula." Erving Goffman, m'buku la Forms of Talk la m'chaka cha 1981, anaonetsa kuti chomwe timachitcha wolankhula chili ndi mbali zitatu: wotulutsa mawu pakamwa, woluka mawuwo, ndi mwini mawu amene amaimira zomwe zanenedwa. Kwathu izi si zachilendo. Nduna ikamalankhula pa bwalo m'malo mwa mfumu, imatulutsa mawu, mwina n'kuwalukanso, koma mwini mawu ndi mfumu. Wopereka uthenga wa maliro sakhala mwini maliro. Mthenga amatetezedwa chifukwa pali amene wamutuma, ndipo wofuna kukangana ndi uthengawo amadziwa khomo loti akagogode.

Tsono wotumiza kanema pa foni amafuna chitetezo cha mthenga popanda womutuma. Palibe anamupempha. Iye mwini anaona kanemayo, nasankha anthu oti amuone, ndipo kawirikawiri anaonjezapo kachizindikiro ka nkhope yoseka. Posankha omvera atsopano wasanduka mwini wa kulankhula kwatsopano, ngakhale mawuwo analuka ndi wina. Makolo athu ankalidziwa bwino khalidweli, n'chifukwa chake kazitape ndi wamiseche sankapulumuka pa bwalo pongoyamba nkhani yake ndi mawu akuti "akuti."

Mabwalo a milandu a ku South Africa afika pa mfundo yofananayo. Pa mlandu wa Isparta v Richter, womwe unagamulidwa ku Pretoria mu 2013, mayi wina analemba pa Facebook mawu onyoza mkazi wakale wa mwamuna wake, n'kulumikizapo dzina la mwamunayo. Mwamunayo sanalembe kanthu, koma bwalo linati popeza ankadziwa ndipo analola dzina lake kukhalabe pa mawuwo, nayenso anali ndi mlandu, ndipo awiriwo analamulidwa kulipira R40,000. Lamulo la Cybercrimes Act la 2020, lomwe mbali zake zambiri zinayamba kugwira ntchito pa 1 December 2021, limati ndi mlandu kuulula chithunzi chamseri cha thupi la munthu popanda chilolezo chake, ndipo silifunsa ngati wouululayo ndiye anachijambula.

Kulemera kwa mfundoyi kunaoneka mu April 2021 pa sukulu ya sekondale ya Mbilwi, ku Sibasa m'chigawo cha Limpopo. Mtsikana wa zaka 15 anamenyedwa makofi ndi mnzake pamaso pa ana ena, ena akukuwiza, wina akujambula. Kanemayo anaikidwa pa masamba a mchezo, ndipo mtsikanayo anadzipha. Womenyayo, amenenso anali mwana, anamangidwa, ndipo bungwe loona za ufulu wa anthu la South African Human Rights Commission linachititsa kafukufuku. Koma kanemayo anapitirira kuyenda m'mafoni a akuluakulu a dziko lonse ndi kunja komwe, ambiri akumutumiza ndi mawu achisoni ndi a mkwiyo. Chisoni chawo chinali choona, komabe aliyense wotumiza anaonjezera chiwerengero cha maso omwe anaona mwana wa eni ake akuchititsidwa manyazi. Pa tsiku la kumenyako mboni zinali ana ochepa. Khamu la oonerera linasonkhanitsidwa ndi ife.

Chochita ndi ulendo wake

Apa ndi pomwe tiyenera kusiyanitsa chochita ndi ulendo wa chochitacho. Afilosofi Bernard Williams ndi Thomas Nagel, m'chaka cha 1976, anadzutsa funso la mwayi pa kuweruza khalidwe: anthu awiri akhoza kuchita chinthu chimodzi ndi mtima umodzi, koma wina n'kupezeka ndi mlandu waukulu chifukwa cha zotsatira zomwe sizinali m'manja mwake. Taganizani za mnyamata wa zaka makumi anayi zapitazo amene anajambula mphunzitsi wake ndi khala pa khoma la chimbudzi cha sukulu. Anaona chithunzicho ndi ana ochepa, mnyamatayo analandira chilango chake, khomalo linatsukidwa, nkhani n'kutha. Mdzukulu wake lero ali ndi chibwana chomwecho ndi njiru yomweyo, koma khoma lake limaonedwa ndi anthu osawerengeka ndipo silitsukika. Mtima wa mwana sunaipe kuposa kale. Chomwe chakula ndi mphamvu ya chida chomwe taika m'manja mwake.

Izi sizichotsa mlandu wa mwana. Wachinyamata wa zaka 15 amadziwa kuti kunyazitsa mnzake n'kulakwa, ndipo umboni wake ndi wakuti amabisa dzina lake, amafufuta uthenga, amanama akafunsidwa. Kumuuza kuti walakwa ndi foni ndiko kumunyoza, chifukwa ndi kumutenga ngati chinthu chokankhidwa chabe. Munthu amakula polandira mlandu wa zochita zake. Chomwe mwana sakwanitsa kuchiona ndi mtunda: sangathe kuyerekeza anthu zikwi zana, kapena chithunzi chomwe chidzatulukenso patapita zaka khumi mnzakeyo akufunsira ntchito kapena ukwati. Akuluakulu omwe zimativuta kuziyerekeza.

Malamulo abwino amazindikira masitepe amenewa. Lamulo la Child Justice Act la 2008 ku South Africa, monga linasinthidwira kuyambira mu 2022, limati mwana wosakwana zaka 12 sangazengedwe mlandu wa upandu, ndipo wa zaka 12 kapena 13 amatengedwa kuti sanakhwime maganizo pokhapokha boma litaonetsa umboni wotsutsa. Lamuloli limatsegulanso njira yopatutsa mwana ku bwalo la milandu kuti akonze cholakwa chake mwa njira zina, monganso limachitira lamulo la ku Malawi la Child Care, Protection and Justice Act la 2010. Nzeru yake ndi yomwe ili m'mwambi wakuti kuongola mtengo m'poyamba: cholinga ndi kuongola, pakuti mtengo wothyoka suongokanso.

Mwini mbumba ali kuti?

Ngati mwana sangasenze ulendo wonse wa chochita chake, wotsatira ndi kholo. Pa chikhalidwe cha Achewa, mbuzi zikadya chimanga cha eni mwana woweta akusewera, mlandu umapita kwa akulu a pa banja, ndipo mwini mbumba ndiye amakayankha ndi kulipa. Mwanayo amadzudzulidwa ndithu, koma saimitsidwa yekha pa bwalo. Dongosololi limagawa udindo molingana ndi mphamvu: mwana amayankha pa kusasamala kwake, wamkulu amayankha pa chionongeko. Malamulo a boma a ku South Africa sayenda choncho, pakuti kholo silikhala ndi mlandu pa cholakwa cha mwana chifukwa chongokhala kholo, pokhapokha nalonso litalakwitsa penapake.

Komabe tisafulumire kunena kuti makolo a masiku ano ndi olekerera. Mayi wa ku Nellmapius amene amakwera minibasi mbandakucha kukalera ana a bwana wake sangakhale mlonda wa foni ya mwana wake masana. Atsibweni a mwanayo ali ku Mangochi kapena ku Mzimba. Ngakhale mayiyo atatenga foniyo usiku, akapeza mauthenga olembedwa m'Sepitori chofupikitsidwa, chodzaza ndi zining'a za msinkhu umenewo zomwe zimasintha chaka ndi chaka. Kholo lochokera ku Malawi limakhala mlendo kawiri: m'dziko la eni ndi m'foni ya mwana wake. Kulamula kholo lotere kuti liziyang'anira zonse ndi kulisenzetsa denga lokha.

Pali zinthu ziwiri zomwe n'zoyenera kufunsa kwa kholo lililonse, lophunzira ndi losaphunzira lomwe. Choyamba ndi funso lija lakuti "yasweka yokha?" Kholo lomwe mwana wake wapezeka m'gulu lomwe linazunguliza chithunzi liyenera kukana yankho lakuti "aliyense amatumiza," ndi kumuperekeza mwanayo kukapepesa maso ndi maso. Chachiwiri ndi chitsanzo. Aliyense amene ali m'magulu a WhatsApp a akuluakulu, kaya a mpingo, a kumudzi kapena a ophunzira akale, akudziwa zomwe zimayendamo: zithunzi za mitembo ya pa ngozi achibale asanauzidwe, makanema a anthu ogwidwa m'chigololo, mawu ojambulidwa mobisa. Ana amaona zonsezi. Mwambo womwe tikuwadzudzula nawo anauphunzira pa foni za makolo awo.

Omanga msewu

Wotsala ndi amene anamanga njira yomwe kanema amayendamo. Makampani a masamba a mchezo akhala akudzitcha onyamula chabe, ndipo malamulo anawathandiza kutero. Ku America, ndime 230 ya lamulo la Communications Decency Act la 1996 imati mwini tsamba asatengedwe ngati wofalitsa wa zomwe ena alembapo. Ku South Africa lamulo la Electronic Communications and Transactions Act la 2002 limachepetsanso mlandu wa osunga uthenga, bola achotse chinthu akadziwitsidwa. Ngakhale msinkhu wa zaka 13 womwe masamba ambiri amaika sunachokere pa kafukufuku wa kukhwima kwa mwana. Unachokera pa lamulo la ku America la 1998 lokhudza kutolera zinsinsi za ana, ndipo mwana aliyense amadziwa kuudumpha polemba chaka chabodza chobadwira.

Chitetezo cha mthenga chingakhale chomveka pa positi ofesi, yomwe sitsegula kalata ndipo sisankha woilandira. Koma Facebook, Instagram ndi TikTok zimasankha chomwe munthu aone, ndipo zimakankhira patsogolo chomwe chikukopa maso, chifukwa phindu lawo limachokera pa malonda otsatsidwa kwa anthu omwe akhalitsa pa tsambalo. Ndewu ya ana asukulu imakopa maso. Pa muyeso wa Goffman, wosankha omvera sangakhale wonyamula chabe. Umboni wakuti kamangidwe ka njira kamasintha ulendo wa uthenga unachokera kwa eni ake omwe. Anthu ataphedwa ku India chifukwa cha mphekesera zoyenda pa WhatsApp, kampaniyo mu January 2019 inachepetsa pa dziko lonse malo omwe uthenga ungatumizidweko nthawi imodzi kufika pa asanu, ndipo mu April 2020 inachepetsanso kufika pa amodzi kwa mauthenga omwe ayenda kale kwambiri. Kampaniyo inanena yokha kuti kuyenda kwa mauthenga otere kunatsika ndi 70 peresenti. Chomwe chinatheka mu 2020 chinali chotheka kale.

Kwa ife a ziyankhulo za mu Africa pali bala lina. Zikalata zomwe Frances Haugen anaulula mu 2021 zinaonetsa kuti khama lalikulu la Facebook loyang'anira zolembedwa linkathera pa Chingerezi. Daniel Motaung, nzika ya South Africa yomwe inkagwira ntchito younika zolembedwa za pa Facebook ku Nairobi kudzera ku kampani ya Sama, anasumira makampani awiriwa mu 2022 podandaula za malipiro ndi kuvulala kwa maganizo. Chipongwe m'ziyankhulo zathu kawirikawiri sichikhala m'mawu otukwana omwe makina angawazindikire. Munthu akalemba pansi pa chithunzi cha mtsikana kuti "namwali wathu uja ndi ameneyu," palibe liwu loipa ngakhale limodzi, koma kalasi yonse ikumva mwanowo. Kuti wina auzindikire ayenera kudziwa chiyankhulocho, dera ndi nkhani yake. Kampani yomwe imalandira mwana wolankhula Chichewa kapena Sepitori ngati kasitomala, koma ilibe makutu okwanira omvera dandaulo lake m'chiyankhulocho, yatsegula msika popanda kulemba alonda.

Dzina la dera lathuli lili ndi phunziro lake pa nkhaniyi. Alois Hugo Nellmapius anali wamalonda wobadwira ku Hungary amene boma la Transvaal linamupatsa chilolezo chokhala yekha wotcheza mowa, ndipo fakitale yake, Eerste Fabrieken, inatsegulidwa kufupi ndi kuno mu 1883. Migodi ya golide itatseguka, mowa wa fakitaleyo unapeza msika waukulu mwa anthu akuda ogwira ntchito m'migodimo. Uchidakwa utayamba kusokoneza ntchito, lamulo la 1896 linaletsa kugulitsa mowa kwa anthu akuda, ndipo malonda ozembetsa anakula. Lamulolo linali la tsankho, ndipo silingafanane ndi lamulo loteteza ana. Komabe likutikumbutsa kuti mkangano ukabuka, maso amathamangira pa khalidwe la wogula msanga kuposa pa phindu la wopanga. Dziko la Australia, pa lamulo lomwe linavomerezedwa mu November 2024 ndi kuyamba kugwira ntchito mu December 2025, linaletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi maakaunti pa masamba akuluakulu a mchezo. Kaya chiletsocho chidzaphula kanthu kapena ayi, mbali imodzi ya lamulolo ndi yoyenera kuiyamikira: chindapusa chimagwera kampani, osati mwana kapena kholo.

Udindo sugawidwa ngati nsima

Wina akhoza kutsutsa kuti tikatchula mwana, wotumiza, kholo ndi kampani, mlandu usungunuka, pakuti cha onse chilibe mwini. Chitsutso chimenechi chimaganiza kuti udindo uli ngati mtanda wa nsima, woti odya akachuluka aliyense amalandira kochepa. Koma anthu khumi akaponya miyala pa munthu mmodzi, palibe amene amaponya gawo limodzi la magawo khumi a mwala. Aliyense waponya mwala wathunthu. Chomwe chimasiyana ndi mneni wa aliyense. Wina anamenya, wina anajambula, wina anatumiza, wina anaseka, wina anaona n'kukhala chete, wina analemba ndondomeko ya kompyuta yomwe inakankhira kanemayo kwa anthu ena zikwi zambiri. Aliyense ayankhe pa mneni wake, molingana ndi zomwe ankadziwa ndi mphamvu zomwe anali nazo. Pa muyeso umenewu mwana sachoka pa mndandanda, koma sakhalanso pamwamba pake.

Wina angatinso yankho ndi malamulo okhwima. Malamulo alipo kale: ku South Africa kuli Protection from Harassment Act ya 2011, yomwe imalola ngakhale mwana kupempha yekha chitetezo cha bwalo, ndipo ku Malawi kuli Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016. Koma lamulo limafika chinthu chitasweka kale, ndipo zomwe zaoneka ku Malawi, komwe anthu amangidwapo pa lamulo la 2016 chifukwa cha zomwe analemba zokhudza atsogoleri, zikutichenjeza kuti chida chopangidwira ofooka chimatha kuthera m'manja mwa amphamvu.

N'chifukwa chake gawo la chigamulo cha Le Roux v Dey lomwe ndimaliona lolemera kwambiri ndi lamulo lakuti anyamatawo apepese, kuposa ndalama zija. Kupepesa koona kuli ndi malamulo ake a chiyankhulo. Sikutheka mu msintho wochitidwa m'chibisira. "Pepani kuti zinachitika" ndi mawu a pa maliro, oyenera munthu amene sanachite kanthu. Wolakwa ayenera kunena kuti "ndinajambula," "ndinatumiza," "ndinaseka," ndi kutchula dzina la amene anamulakwira. Aphunzitsi a ziyankhulo m'sukulu za ku Nellmapius, za ku Lilongwe ndi za ku Chipata amaphunzitsa kale misintho ya aneni, ndipo sipafunika silabasi yatsopano kuti apatse ophunzira chiganizo chakuti "kanema wafalikira" n'kuwauza kuti achilembenso potchula ochita onse. Ntchito yomweyo tiyenera kuipereka kwa ife eni m'magulu athu a akuluakulu, ndiponso kwa makampani omwe amati amadandaula ndi zomwe zimachitika pa masamba awo, osatchula amene anamanga masambawo kuti aziyenda motero.